Chinathawitsa Ana ku Namitanda

Lachitatu, 16 Okutobala

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi nambala 9, pafupi ndi zenera. Mwana wanga Thokozire wandigulira kope ili ndi bolopeni. Akuti, "Bambo, pakamwa panu sipatseka, mutopetsa odwala anzanu. Zina muziuza pepala." Ndiye ndayamba. Sukulu sindinaione mkati, zilembo ndinazitola m'buku la nyimbo ndili ndi ndevu kale, choncho zikapindika musaseke.

Ndine Zebedee Kamphinda wa ku Chinsapo, kwathu kwenikweni ku Dowa, mmisiri womanga nyumba. Zaka zitatu zapitazo mpingo wathu wa ku Area 25 unatuma anthu anayi ku Mozambiki, kumudzi wa Namitanda, kuseri kwa Mandimba, pakati pa Ayao: Abusa Thumbiko Mhango, akazi awo amayi Suwilanji, ine, ndi mayi akunyumba kwanga, Ireen. Inetu mishonale, abale! Kale ndinkayesa kuti mishonale ndi mzungu wa chipewa chachikulu. Lero mishonale ndi uyu wagona apa ndi phazi lotupa ngati dzungu.

Phazi lake ndi lamanzere. Ndinaponda msomali mu Seputembala tikufolera kalasi ya ana, n'kungomangapo kansanza. Masabata anayi chilonda osapola, chala chaching'ono chada bii. Abusa anandikweza pa njinga yamoto mpaka pa boda ya Chiponde, kenako minibasi, kenako basi. Lero andibaya chala cha dzanja, makina awerenga 21. Adokotala akuti ndi shuga, ndipo wakhala nane kalekale ine osadziwa. Dilipi imodzi. Jakisoni wa shuga pamimba, wa chilonda kudzera pa kapaipi ka padzanja.

Ndakwera chikepe chamagetsi! Chitseko kutseka tili pansi, kutseguka tili kumwamba. Ndinapempha wokankha wilitcheya kuti tibwereze, wakana.

Lachinayi, 17 Okutobala

Shuga m'mawa 17, madzulo 15. Nesi wina dzina lake Thandie watsuka chilonda ndi madzi amchere. Ndinaimba nyimbo kuti ndisalire, ndinalirabe. Ajambula phazi ekisileyi.

Pa bedi 10 pali mnzanga wamsinkhu wanga, a Swaleh, telala wa ku Biwi, kwawo ku Namwera. Anagundidwa ndi kabaza, mwendo aumangirira chingwe ndi chitsulo cholemera kumapazi. Nditamva akulankhula ndi mkazi wawo, ndinawaponyera moni wa Chiyao: "Ajimwiche uli, ambuje?" Anadzidzimuka mpaka chitsulo chija kugwedezeka.

"Mchewa uyu Chiyao wachiba kuti?"

"Ndi makutu, achimwene. Ndimakhala kwa abale anu, kutsidya."

Nditawafotokozera anaseka. "Ohoo, ndinu aja munapita kukatembenuza abale anga? Mwatembenuza angati?"

"Mabanja awiri. Limodzi linali lachikhristu kale."

"Zaka zitatu, banja limodzi! Ine zaka zitatu ndasoka masuti mazana awiri. Ndiye mumakatani kumeneko?"

Munthu akandifunsa choncho wanditsegulira mpopi. Ndawauza zonse. Tambala akalira, Ireen amakoleza moto pansi pa poto wamkulu, kuphika phala la chimanga, soya ndi nsinjiro. Nkhuni amabweretsa ndi amayi a m'mudzi mosinthana. Ana amabwera aliyense ndi kapu yake. Akamwa, amayi Suwilanji amawaphunzitsa zilembo, ang'onoang'ono kuwayeza pa sikelo yopachika mu mtengo wa mango, a zilonda kuwamanga. Abusa amakwera njinga kuzungulira midzi. Kunena zoona, Abusa athu akumba manda ambiri kuposa maulaliki amene alalikira, ndipo mjigo ukafa ndi iwo amatsegula ndi sipanala. Ine ndimaumba njerwa ndi amuna, dzuwa likafika pamutu ndimakhala pansi pa mango n'kusimbira ana nkhani. Ya Yosefe amaikonda zedi, iwo amati Yusufu. Nthawi zina ngakhale Shehe Abdullah, mtsogoleri wa mzikiti wa m'mudzimo, amaima chapatali ndi ndodo yawo kumvetsera, ndikalumpha pena amatsokomola. Lamulungu timapemphera akuluakulu asanu ndi anayi m'chisakasa cha udzu, koma kuimba kwake mungayese tili zana.

A Swaleh akuti, "Ngati ndi choncho, si oipa kwenikweni inu." Andipatsa nthochi. Nesi Thandie walanda, akuti theka lokha.

Lachisanu, 18 Okutobala

Shuga 14. Adokotala aona ekisileyi. Chala chaching'ono chafa, achichotsa Lolemba kuti phazi lipulumuke. Ndafunsa ngati ndidzakwerabe pa denga. Ayankha kuti tiyambe taona kuyenda pansi.

Masana kwabwera a Jonah, mkulu wa mpingo amene amayang'anira komiti ya mishoni. Abweretsa malalanje ndi nkhani yowawa. Dzulo ndinawauza a Swaleh zokoma zokhazokha, lero ndilembe zomwe ndinabisa.

Ana a phala analipo makumi asanu ndi awiri. Kumapeto kwa Julaye anangodukiza. Tsiku lina makumi atatu, mawa lake khumi, kenako anayi okha, a m'mabanja achikhristu aja. Palibe anatikalipira. Amayi akakumana nafe panjira moni wake wogwada ndithu, koma nkhuni osabweretsa, ana osatumiza. Ukafunsa, "Ana ali kuti?" amati, "Alipo." Basi. Abusa anayesa kuti ndi pemphero la tisanamwe phala, analisiya. Ayi. Amayi Suwilanji anayesa kuti wina wafalitsa bodza loti timathira mankhwala m'phala, anamwa kapu yathunthu pamsika anthu akuona. Ayi. Ireen anachotsa soya, anabwezera soya, anawonjezera nsinjiro. Ayi ndithu.

Tsopano a Jonah akuti komiti ikumana Loweruka la sabata ya mawa, pa 26. Ufa wa phala wa miyezi ya njala uli kale m'matumba ku tchalitchi, uyenera kunyamuka mvula isanatseke msewu. Koma ambiri akuti ngati mudzi watikana, ufa upite kwina, amishonale abwerere kwawo.

Ndati, "A Jonah, chaka chino kumeneko chimanga chinapsa ndi dzuwa. Januwale akafika ana aja adzadya chiyani?"

"Nanga tingawamwetse mokakamiza, a Kamphinda? Tipatseni chifukwa chomwe anathawira. Popanda chimenecho ine ndilibe poimira."

Chifukwa chake ndilibe. Chala sichikundidetsa nkhawa ngati izi.

Loweruka, 19 Okutobala

Shuga 13. Bipi akuti ili bwino. Asintha kapaipi, aika kudzanja lamanja, kulemba kukuvuta.

Thokozire wabwera ndi nyemba ndi chisoso, mchere wongonunkhiza. Mkazi wa a Swaleh wabwera ndi mpunga wa nyama ya mbuzi, fungo lake wodi yonse. Ndatembenukira kukhoma.

Lamulungu, 20 Okutobala

Shuga 12. Amayi a Mvano adzaza wodi ndi nyimbo. Nditawatsogolera vesi imodzi ndili chigonere, odwala a kumapeto anaombera m'manja. A Swaleh akuti mawu anga ndi abwino koma akufanana ndi makina awo akasowa oyilo.

Ku Namitanda foni sigwira. Netiweki imapezeka pa kaphiri kena, ulendo wa ola limodzi wapansi, ndipo Abusa amakwerako Lachinayi ndi Lamulungu masana. Lero aimba pa foni ya Thokozire. Ana anayi omwe aja. Ireen akuti ndilimbe mtima za mawa. Mawu ake ndi otopa.

Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa.

Lolemba, 21 Okutobala

Ku fiyeta 10 koloko. Jakisoni wa pamsana. Miyendo inachoka, ine ndikumva zonse zomwe akukamba. Chala chapita.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ululu. Shuga 15. Mapiritsi awiri katatu. Sindinasimbe nkhani. A Swaleh akuti wodi yapuma.

Lachitatu, 23 Okutobala

Abale inu! Ndilemba, ndilemba zonse. Chapezeka! Chifukwa chija chapezeka, ndipo chagona pa bedi nambala 9.

Ndiyambe bwino. Shuga 12. Nesi Thandie watsegula bandeji, akuti pafiira bwino, mafinya palibe. Ululu utachepa pakamwa panatseguka. Titamwa tiyi wopanda shuga, amuna a m'wodi anayamba kutchula zakudya zomwe akuzilakalaka. Wina kanyenya, wina chambiko. Ine ndati mbewa.

"Inu simudziwa," ndikuwauza. "Ku Namitanda kuli mbewa zopanda mwini. Anthu ake sadya, ndiye zimangonenepa m'minda, kapuku wake ngati mwana wa mphaka. Mu Julaye, tsiku lina amayi onse awiri atapita kuchigayo ku Mandimba, Abusa ali kumaliro, ndinanyamula khasu. Una uliwonse ndikakumba, zitatu, zinayi. Pofika masana, makumi asanu ndi limodzi! Ndinazitumbula kuseri kwa nyumba, mwaulemu, chifukwa ndikudziwa kuti anzathu zimawanyansa. Sindinapatseko munthu, sindinaonetse munthu. Ndinaziwiritsa ndi mchere, kuziyanika padenga la bafa, ndinadya mwezi wathunthu."

Achewa a m'wodi akumeza malovu. A Swaleh okha akungondiyang'ana.

"Achimwene, mbewa makumi asanu ndi limodzi munaziwiritsa mu chiyani?"

"Kapoto kathu ka ndiwo kanachepa. Ndinabwereka wamkulu uja."

"Wamkulu uti?"

"Wa phala. Koma ndinatsuka! Mchenga, phulusa, sopo, mpaka ndinadziona nkhope."

"Pamene zinkawira, panafika munthu?"

Ndinayamba kukumbuka. Panafika mayi mmodzi ndi mtolo wa nkhuni za mawa lake. Anatula pafupi ndi moto, anagwada, tinapatsana moni. Anasuzumira mu poto. Ananyamuka osatsanzika bwino. Ine ndinangoti ali pachangu.

"Ana anasiya liti kubwera?"

Ndinawerenga ndi zala. Sabata yomweyo.

Kenako a Swaleh anamenya matiresi ndi dzanja. "Mishonale! Zaka zitatu kudya ndi anthu, osadziwa poto wawo! Mayi waona michira ikuvina mu poto momwe mwana wake amamwera, mukuti mawa amutumize ndi kapu?"

"Komatu ndinatsuka."

"Mundimvere. Ashehe ophunzira akhoza kukuuzani kuti chotsukidwa bwino chayera. Koma mtima wa mayi simungautsuke ndi phulusa. Akaona poto uja amaona michira basi."

"Nanga osandiuza bwanji? Miyezi itatu!"

"Akuuzeni bwanji? Ndinu mlendo, ndinu wa imvi, munawamangira kalasi. Kwathu munthu wotero sitimuuza kumaso kuti wachita zauve. Timangosuntha mphasa."

Ndinafunda nsalu kumutu. Manyazi ake, kuposa tsiku limene ndinagwa pa sikafodi anthu akuona. Koma pansi pa nsalu pomwepo mtima unayamba kudumpha. Ngati ndi ufiti, sitikanatha. Ngati ndi kudana ndi Yesu, sitikanatha. Koma poto? Poto amagulidwa! Ndinavundukula n'kufuula, "Aleluya, ndine ndemwe!" Nesi Thandie anathamanga kuyesa kuti ndang'amba ulusi.

Mawa Lachinayi, Abusa akwera phiri. Ireen sadziwa kuti ndinagwira poto wake. Mbewa ankaziona ndikudya, koma ankayesa ndinawiritsira m'chitini. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinena.

Lachinayi, 24 Okutobala

Shuga 11. Andichotsa dilipi, jakisoni wa chilonda akupitirira katatu patsiku.

Foni inalira 2 koloko. Foni ya Thokozire ndi yakufa khutu, simva pokhapokha aike pa sipika, choncho wodi yonse inatchera. Ndinawafotokozera Abusa kuyambira khasu mpaka mtolo wa nkhuni. Kenako anati, "A Kamphinda, dikirani, amayi a Thokozire ali pompano."

"Bambo a Thokozire." Mawu ozizira ngati madzi a m'mtsuko. "Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Mu poto uti?"

"Wanu uja, mayi."

"Wanga uja. Miyezi itatu ine ndikudzuka tambala asanalire, kuphika phala, kulitaya kwa nkhuku. Miyezi itatu ndikulira kuseri kwa bafa, kumati dzanja langa laipa, amayi anzanga andida. Inu muli phee, mukutafuna mitu ya mbewa pakhonde!"

Wina kumapeto kwa wodi anaseka, a Swaleh anamuloza chala, anasiya.

"Ndalakwa, mayi."

"Adokotala achotsa chala chimodzi chokha? Ntchito yotsalayo ndidzamaliza ndine."

Apo ndiye wodi inaphulika, ngakhale Abusa paphiri ndinawamva akutsamwa. Koma Ireen atapuma anafunsa, mawu atasintha, "Ndiye titani tsopano?" Ndati pano pali katswiri. Thokozire anasendeza foni kwa a Swaleh.

Malangizo awo ndi awa, ndalemba monga ananenera. Poto wakale achoke pakhitchini, asadzaonekenso. Watsopano asagule amishonale okha n'kubwera naye, ayi, amayi a m'mudzi apite nawo kusitolo akasankhe ndi manja awo. Mthiko ndi zipande, zonse zatsopano. Koma choyamba, mwini kulakwa apepese ndi pakamwa pake kwa ashehe, osati kudzera mwa Abusa.

Abusa akuti akawapempha Shehe Abdullah kuti akwere nawo phiri mawa akatuluka ku mzikiti. Ndi nkhalamba, phirilo ndi la miyala. Kaya avomera.

Lachisanu, 25 Okutobala

Shuga 11. Chilonda chili bwino. Zimenezo pambali.

M'mawa wonse a Swaleh akhala akundiphunzitsa kupepesa ngati mwana wa kalasi ya ubatizo.

"Yambani."

"Ashehe, ndinalakwa, koma ndinatsuka ndi..."

"Imani! Mukangotchula sopo ndidula foni. Kupepesa kokhala ndi 'koma' ndi malaya opanda mabatani. Yambaninso."

Kasanu konse. Amuna a m'wodi anagawana, ena kukhala ashehe, ena amayi a m'mudzi, kumandizunguza ndi mafunso. Mpaka oyeretsa pansi anaima ndi mopu wake kuonerera.

3 koloko, foni zii. Hafu pasiti, zii. Itatsala pang'ono 4, inalira. Abusa akupuma mwawefuwefu: "Takwera. Tinapuma kanayi, koma takwera. Ashehe ndi awa."

Ndinapereka moni m'Chiyao changa cha makutu, kenako ndinanena m'Chichewa, a Swaleh akumasulira. Ndati: Ashehe, ndine Zebedee. Ndinaphika mbewa mu poto wa ana anu. Ndinadetsa chakudya chawo, ndinanyoza amayi amene ankatisenzera nkhuni. Mkazi wanga sankadziwa, Abusa sankadziwa. Kulakwa ndi kwanga ndekha. Ndikhululukireni, ndipo ana asalangidwe ndi njala chifukwa cha mimba ya nkhalamba.

Sopo sindinamutchule. A Swaleh anandigwedezera mutu.

Ashehe analankhula nthawi yaitali, pang'onopang'ono. Zina ndinamva ndekha, zina a Swaleh ananditambasulira. Akuti amene anabweretsa nkhuni tsiku lija ndi mkazi wawo, Abiti Sharif. Anafika kunyumba osatha kudya masiku awiri. Akuti mudzi wonse unadziwa dzuwa lisanalowe, ndipo ankadabwa kuti anthu ophunzira ngati ife tikuchotsa mapemphero, tikumwa phala pamsika, chinthu chili poyera. Ena ankati tinachitira dala. Iwo ankati ayi, nkhalamba ija ndi yopusa chabe, tidikire idzazindikira.

"Akuti ndinu wopusa chabe," a Swaleh anabwereza mokweza, kuti aliyense amve. Sindinakondwerepo chonchi potchedwa wopusa.

Pomaliza ashehe anati iwo akhululuka, koma nkhani ya poto si ya amuna. Ayankhe ndi amayi. Akawauza.

Kenako awiriwa anayamba kufunsana za kwawo, wa Namwera ndi wa Namitanda, mpaka anapezana kuti agogo awo ena anakwatirana. Mayunitsi a Abusa anathera pa chibale.

Loweruka, 26 Okutobala

Shuga 10! Koyamba.

A Jonah anadzera kuno m'mawa popita ku komiti. Nditawauza, anakhala pa bedi langa osapempha, anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Mbewa, a Kamphinda."

"Mbewa, a Jonah."

"Ndikanena kuti panali kusamvana pa chikhalidwe. Dzina lanu tiliteteze."

"Ayi. Mukanena choncho adzati chikhalidwe sichisintha, tsekani mishoni. Kanenani kuti mbewa, makumi asanu ndi limodzi, Zebedee, poto wa phala. Chimenecho ndi chinthu choti munthu angakonze."

Anapita akupukusa mutu. Tsiku lonse ndakhala ndikuyang'ana pakhomo. Nthawi ya alendo ya madzulo anabwera, tayi atamasula.

Akuti atangotchula mbewa, mlembi anagwetsa cholembera, amayi ena anatuluka panja kukaseka. Kuseka kutatha kunabwera mkwiyo. Mkulu wina anati munthu wotere asabwererenso, wachititsa manyazi mpingo. Mayi wina wa ku Karonga anamuyankha kuti ngati tichotsa aliyense amene analakwitsapo kwa eni mudzi, mishoni idzatsala ndi njinga yokha. Agwirizana chonchi: adikira foni ya Lachinayi likudzali. Ana akabwerera, lole ya ufa inyamuka, mishoni ikhala. Akapanda kubwerera, ufa upita kwina, anzanga atatu abwerera kuno kwathu Khirisimasi isanafike.

Masiku asanu. Zonse zili m'manja mwa mayi amene ndinamudwalitsa masiku awiri.

Lamulungu, 27 Okutobala

Shuga 11. Abusa aimba mwachidule. Amayi a m'mudzi anakumana dzulo kwa Abiti Sharif, anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Sanalonjeze kanthu. Angoti mawa awiri a iwo apita ndi amayi Suwilanji ku Mandimba "kukaona mapoto". A Swaleh akuti mayi wa Chiyao sayenda ulendo wonsewo kukangoona. Ine ndikuopa kukondwa msanga, komabe ndaimba nyimbo.

Poto wakale Ireen wamugubuduzira ku njerwa, akuti ndizikapondera matope.

Lolemba, 28 Okutobala

Kutentha thupi, 38.6. Atenga magazi. Malungo ayi. Asintha jakisoni. Mutu.

Lachiwiri, 29 Okutobala

37.4. Shuga 12. Adokotala afinya pachilonda, patuluka timadzi pang'ono, achotsa ulusi umodzi kuti papume. Akuti si zoopsa koma shuga akutsika mwaulesi, sakumvetsa chifukwa chake.

Ndadya. A Swaleh andisokera batani la shati ali chigonere, ulusi kulowetsa mu singano osayang'ana. Akuti ndikabwerera kwa abale awo ndisakawachititse manyazi ndi mimba yapamtunda.

Lachitatu, 30 Okutobala

36.9. Shuga 11. Kwagunda mabingu chakum'mawa, mvula sinagwe. Ndikamva bingu ndikuona msewu wa ku Namitanda, matope ake ofika m'mawondo. Lole ikachedwa masabata awiri sidutsa.

Wodi yonse ikudziwa kuti mawa ndi mawa. Bambo wa pa bedi 3 amutulutsa lero, wasiya nambala yake kwa Thokozire kuti adzamuuze. Nesi Thandie wasinthana ndi mnzake kuti adzakhale pa ntchito masana. Ndayesa kusimba nkhani ya Yona kuti nthawi ipite, ndinasokoneza, ndinati Yona ndiye anameza nsomba. Palibe anandikonza, aliyense maganizo ali kuphiri.

Lachinayi, 31 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, ngakhale bolopeni ikufuna kuthamanga.

Shuga 11. Kutentha thupi palibe. Thokozire anafika 12 koloko foni atatchaja yodzaza. A Jonah anafika 1 koloko, akuti komiti yawatuma adzamve ndi makutu awo. Foni tinaiika pa loka, pakati pa bedi langa ndi la a Swaleh, tonse kuiyang'ana ngati mphika wosapsa.

Inalira 2 koloko itangopitirira. Sanali Abusa, anali Ireen.

"Bambo a Thokozire, muli ndi anthu pamenepo?"

"Wodi yonse, mayi. Nenani!"

"Musandithamangitse, ndakwera phiri." Anapuma dala, ndikumudziwa. "Lolemba anasankha poto. Abiti Sharif anagogoda mapoto asanu ndi limodzi, anatenga wachisanu ndi chiwiri, anamusenza okha pamutu kuchokera pamsewu. Lachiwiri anamutsuka okha, ine osagwira. Dzulo anaphika okha, ine ndikungoonetsa muyezo wa soya. Kunabwera ana khumi ndi awiri, amayi awo ataima kumbuyo manja m'chiuno."

"Nanga lero?"

"Lero phala silinakwane. Taphika kawiri. Makumi asanu ndi limodzi kudza mmodzi."

Zomwe zinachitika m'wodi sindingazilembe bwino. Mbale zinalira ndi masipuni. A Jonah, munthu wa tayi, analumpha. Nesi Thandie analulutira kenako n'kudzitseka pakamwa. A Swaleh ankangoti, "Alhamdulillah, alhamdulillah," ine "Aleluya," tagwirana manja pakati pa mabedi, misozi ili chuchuchu tonse awiri.

"Sindinamalize," anatero Ireen. "Amayi apereka malamulo. Kuphika tiziphika nawo mosinthana. Poto azigona kwa Abiti Sharif. Ndipo atenga chikuni, alemba mzere pansi kuzungulira khitchini yonse, aikamo miyala. Akuti umenewo ndi mzere wa ambuje Zebedee. Mukadzabwera, nkhani zanu pansi pa mango, ana akuzifunsa tsiku lililonse. Koma phazi lanu, la zala zisanu kaya la zinayi, lisadzadumphe miyala imeneyo mpaka kufa."

"Ndavomera! Auzeni ndavomera!"

"Ndawavomerera kale."

A Jonah anatuluka panja kukaimbira a komiti. Pobwera akuti lole inyamuka Lachiwiri m'mawa.

Lole imeneyo indisiya, ndikudziwa. Adokotala atabwera madzulo ndawafunsa kuti ine ndinyamuka liti. Akuti shuga akakhazikika pansi pa 10 ndipo chilonda chikatseka, mwina masabata atatu, ndipo njinga yamoto imadutsa ngakhale pamatope. Koma abwerezanso kuti sakumvetsa chomwe shuga wanga akukakamira.

Atachoka ndinakhala ndikuganiza za ana makumi asanu ndi limodzi kudza mmodzi, akudikira pansi pa mango munthu woti awamalizire za Yusufu. Ndinatsegula loka, ndinapisa dzanja mu sokosi ya phazi lodwala, yomwe ilibe ntchito masiku ano, ndinatulutsa kapepala ka shuga kamene ndakhala ndikutsinako pa tiyi chigonekereni. Ndinawapatsira a Swaleh.

Anakayang'ana, anandiyang'ana.

"Mishonale, pali chinanso chomwe mwabisa? Nenani lero lomwe, tidakali ndi omasulira."

Palibe. Ndafufuza mtima wonse ndi loka yonse. Palibe.